Kodi Ncoyenera Kuimitsa Wosalakwa Kuti Woledzera Aope?

Amai anzanga, pali funso limene limabuka nthawi zonse apolisi akachinga mseu usiku ndi kuyamba kuimitsa motoka imodzi-imodzi pofuna kuona ngati woyendetsa wamwa mowa. Mwa anthu amene amaimitsidwa, oculuka sanalawe ngakhale dontho. Ena akucokera ku nchito, ena ali ndi wodwala kumpando wakumbuyo, ena akungofuna kukafika kwao. Palibe amene wawaona akulakwa, komabe amauzidwa kuima, kutsitsa galasi ndi kuyankha mafunso tochi ili kumaso. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kodi pamenepa si momwemo? Wamwa ndi wina, wovutika ndi wina. Kodi ncoyenera kuti boma licedwetse anthu zana osalakwa cifukwa ca mmodzi amene mwina waledzera?

Funso limeneli si lopepuka, pakuti mbali zonse ziwiri zili ndi cinthu ca mtengo wapatali cimene zikuteteza. Mbali ina ikuteteza moyo wa munthu, ina ikuteteza ufulu wa munthu woyenda mwamtendere popanda kumusautsa. Dziko limene linakangana kwambiri pa nkhaniyi, mpaka kukafika nayo ku makhoti ake aakulu, ndi America. Tiyeni tione mmene anaiyendetsera, kuti nafenso tiiganizire bwino.

Muzu wa mkangano

America asanalandire ufulu anali pansi pa ulamuliro wa Britain, monga mmene ifenso tinalili. Okhometsa msonkho a masiku amenewo anali kuyenda ndi makalata owalola kulowa m'nyumba kapena m'sitolo ya munthu aliyense kukafufuza katundu wozembetsa, popanda kunena cimene akumuganizira munthuyo. Mu 1761 loya wina wa ku Boston, James Otis, anatsutsa makalata amenewa pamaso pa khoti. Mlanduwo sanapambane, koma mkwiyo wa anthu sunazime. Ndiye cifukwa cake mu 1791, poonjezera mfundo khumi pa malamulo aakulu a dziko lao, mfundo yacinai inaletsa boma kufufuza kapena kugwira munthu, nyumba yake ndi katundu wake popanda cifukwa comveka. Pambuyo pake makhoti anagamula kuti kuimitsa motoka pamseu, ngakhale kwa kanthawi kocepa, nakonso ndi kugwira munthu. Conco mwambo wao ndi wakuti wapolisi aziimitsa munthu pokhapokha pali cimene waona: motoka ikuyenda mokhotakhota, ikuthamanga kopitirira muyeso, kapena yadumpha maloboti ofiira.

Koma kunali kulira kwina kumene sikukanakhala kosamveka. Mu May 1980, mtsikana wa zaka 13, Cari Lightner, anagundidwa nafa akuyenda pansi m'mbali mwa mseu ku Fair Oaks, m'cigawo ca California. Amene anamugunda anali ataledzera, ndipo anali atagwidwapo kale kangapo pa mlandu woyendetsa motoka atamwa. Amai a mwanayo, Candy Lightner, anayambitsa bungwe la Mothers Against Drunk Driving, kutanthauza amai olimbana ndi kuyendetsa motoka munthu ataledzera. Amai ofedwa anadzaza m'makhoti ndi m'nyumba za malamulo, zithunzi za ana ao zili m'manja. M'zaka zotsatira malamulo anakhwima, ndipo zigawo zambiri zinayamba kuika malodibuloko ofufuza oledzera.

Mlandu wa ku Michigan

Mu 1986 apolisi a cigawo ca Michigan anakonza zoyesa njira imeneyi. Usiku wina anachinga mseu m'dera la Saginaw kwa ola limodzi ndi mphindi 15. Panadutsa motoka 126, ndipo iliyonse inacedwa pafupifupi masekondi 25. Oyendetsa awiri anawapatutsa kuti awayese bwino, mmodzi wa iwo anamangidwa. Wacitatu anadutsa osaima, anamuthamangitsa, nayenso anamangidwa cifukwa ca kuledzera. Omangidwa onse anali awiri basi.

Oyendetsa motoka ena, mmodzi wa iwo Rick Sitz, anali atasuma kale kukhoti kuti njirayi ikuphwanya ufulu wao. Makhoti a ku Michigan anawavomereza. Nkhani inakwera mpaka ku Khoti Lalikulu la dziko lonse ku Washington, limene pa 14 June 1990 linagamula mosiyana. Oweruza 6 mwa 9 anati malodibuloko otere ndi ololedwa. Mkulu wa oweruza, William Rehnquist, anaika zinthu zitatu pa sikelo: kukula kwa vuto, phindu la njirayo, ndi kulemera kwa mtolo umene wosalakwa akusenzetsedwa. Vuto linali lalikulu, pakuti khotilo linawerengera kuti oledzera anali kuphetsa anthu oposa 25,000 caka ciliconse. Mtolo wa masekondi 25 anauona kuti ndi wopepuka. Sikelo inapendekera ku mbali ya apolisi.

Tisafulumire kuomba m'manja tisanamve atatu amene anakana. Woweruza William Brennan, mogwirizana ndi Thurgood Marshall, anacenjeza kuti kukula kwa vuto pakokha sikupatsa boma mphamvu yogwira munthu amene silikumuganizira kanthu. Woweruza John Paul Stevens anakumbutsa anzake kuti kuimitsidwa mwadzidzidzi usiku kumaopsa ngakhale munthu wosalakwa, ndipo anapereka ziwerengero za cigawo ca Maryland, kumene pa malodibuloko 125 panadutsa oyendetsa 41,000 koma omangidwa anali 143 cabe. Iye anafunsa ngati apolisi onsewo sakanagwira oledzera ambiri akanakhala kuti akuyendayenda m'miseu ndi kuyang'ana oyendetsa mokhotakhota.

Cocititsa cidwi ncakuti Michigan yemweyo, amene apolisi ake anapambana mlandu, sanapitirize. Cigawo ciliconse ca America cili ndi malamulo akeake aakulu, ndipo mu 1993 Khoti Lalikulu la Michigan linagamula kuti malamulo a cigawoco amateteza woyendetsa kuposa mmene a dziko lonse amacitira. Zigawo zina, monga Texas, Washington, Oregon, Minnesota ndi Wisconsin, nazonso siziika malodibuloko a mtundu umenewu, pamene zigawo zambiri zimaika. Anthu a dziko limodzi, anzeru ndi ofuna zabwino, anayankha funso limodzi mosiyana. Izi zitiphunzitse kusanyoza amene akuona mosiyana nafe.

Mlonda wa m'munda

Mfundo ya Stevens ndi yamphamvu, koma ikudalira pa ganizo lakuti nchito ya lodibuloko ndi kugwira. Apa ndi pamene ndikusiyana naye. Taganizirani munthu amene amagona pa nsanja kulondera cimanga kuti anyani asadye. Pakutha pa nyengo sitimufunsa kuti wapha anyani angati. Timayang'ana m'nkhokwe. Ngati nkhokwe yadzala, mlondayo wagwira nchito, ngakhale kuti sanaponye mwala ndi umodzi womwe. Anyani anamuona, nakhala kuphiri.

Ndi mmenenso zilili ndi lodibuloko. Munthu amene amayendetsa atamwa nthawi zambiri anacitapo zimenezi maulendo ambiri osagwidwa, ndipo ulendo uliwonse umene wafika bwino umamulimbitsa mtima. Amadziuza kuti iye mowa sumugwira, kuti ndi katswiri, kuti akayenda pang'onopang'ono palibe adzamuzindikira. Wapolisi woyendayenda amagwira yekhayo amene waledzera mpaka kuonekera. Lodibuloko limalankhula kwa uja amene akuganiza kuti saonekera, ndipo limamuuza kuti luso lake silidzamupulumutsa, pakuti aliyense aima. Phindu lake lenileni limacitika kutali ndi mseu, pamene munthu wakhala pa mowa ndipo akuganiza zoonjezera botolo lina kapena zopereka makiyi kwa mnzake amene sanamwe. Amene wapereka makiyi salembedwa m'buku la apolisi, ndipo mwana amene akanagundidwa usiku umenewo sadziwa kuti wapulumuka.

Kodi pali umboni wakuti zimaterodi? Ulipo. Ku Australia, cigawo ca Victoria cinayamba kuyesa mpweya wa oyendetsa mosasankha mu 1976, ndipo New South Wales inatsatira mu December 1982. Kumeneko aliyense woimitsidwa amauzira mpweya m'kamakina koyesera mowa. Anacita zimenezi kawirikawiri ndi molengeza kwambiri, ndipo imfa zocokera ku mowa pamseu zinatsika. Ku America, cigawo ca Tennessee cinaika malodibuloko oposa 800 m'caka cimodzi, kuyambira mu 1994 kufikira mu 1995, uku akulengeza pa wailesi ndi pa TV. Ofufuza anapeza kuti ngozi zakupha zocititsidwa ndi oledzera zinatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 zilizonse. Mu 2002 akatswiri a bungwe loona za matenda la CDC anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko angapo napeza ciwerengero cofanana ndi cimeneco. Atabwerezanso nchitoyi patapita zaka ngati khumi, poyang'ana kafukufuku watsopano wa ku America, anapeza kutsika kocepa, pafupifupi 9 pa 100 zilizonse.

Tinene zoona: lodibuloko si mankhwala ocotseratu matendawa. Mu 2022 anthu oposa 13,000 anafabe ku America pa ngozi zimene woyendetsa anali ataledzera. Ndiponso kutsika kumene kwacitika kuyambira m'ma 1980 kunathandizidwa ndi zinthu zina, monga malamba a m'motoka ndi kukweza msinkhu wololedwa kugula mowa kufika pa zaka 21. Koma ngakhale 9 pa 100 si cinthu conyozeka kwa amene anakhalapo pa maliro a ngozi. Phunziro lina ndi lakuti mlonda ayenera kuoneka. Lodibuloko la kamodzi pa caka, lobisika, limene anthu sanamvepo, limasautsa osalakwa popanda kuopsa aliyense.

Ufulu wa yani?

Tsopano tibwerere ku mwambi wathu wa nkhuyu. Kodi wosalakwa amene waimitsidwa akulipiradi mlandu wa wina? Ndikuona kuti mwambiwu sukukwanira pamenepa, pa zifukwa ziwiri.

Coyamba, mseu si nyumba. M'nyumba mwanu mukhoza kutseka citseko, ndipo zimene mukucita mkatimo kawirikawiri sizikhudza wodutsa. Koma amene wakhala pa ciongolero akuyendetsa citsulo colemera pakati pa anthu amene sanamufunse ndipo iye sanawafunse. Motoka yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Mowa umacedwetsa diso kuona ndi phazi kuponda buleki. Kucedwa kwa sekondi imodzi yokha ndi mtunda wokwanira kusiyanitsa mwana wamoyo ndi mwana wakufa. Ndiye cifukwa cake palibe amene amabadwa ndi cilolezo coyendetsa. Timaphunzira, timayesedwa, timapatsidwa laisensi, ndipo poilandira timakhala ngati talonjeza kuti tidzalola kuonedwa ngati tili oyenera kukhala pamseu.

Caciwiri, tikamanena za ufulu timakonda kuona munthu mmodzi yekha, amene ali pa ciongolero, cifukwa ndiye amene akudandaula pamaso pathu. Koma pamseu pali enanso. Pali mai amene wasenza mtolo akuyenda m'mbali, pali wa njinga, pali ana okwera m'basi. Iwowa alibe njira yodziwira kuti motoka imene ikubwerayo ikuyendetsedwa ndi munthu wotani. Tsoka silinunkha. Naonso ali ndi ufulu wokafika kwao, ndipo sangadziteteze okha. Woyendetsa wosalakwayo nayenso ndi mmodzi wa iwo, pakuti akacoka pa lodibuloko akakumana ndi motoka zina mumdima. Masekondi 25 amene wataya si cilango. Ali ngati dengu la dothi limene banja lililonse limapereka pokonza mlatho umene onse amaolokerapo.

Mpanda wochinga wapolisi

Komabe amene akuopa mphamvu ya boma sakulota. Mphamvu yoimitsa munthu popanda cifukwa ndi mpeni wakuthwa, ndipo ukakhala m'manja mosayenera umadula mwini nyumba. Cimene cimapangitsa lodibuloko kukhala lolungama ndi cakuti lamulo limamanga wapolisi monga mmene likumangira woyendetsa. Makhoti a ku America anamanga mpanda umenewu mzati ndi mzati.

Mzati woyamba ndi kusasankha. Mu 1979, pa mlandu wa Prouse wa ku Delaware, Khoti Lalikulu linaletsa wapolisi kuimitsa motoka iliyonse imene wafuna, popanda cimene waona, kuti angoona laisensi. Poyamba zimaoneka zodabwitsa kuti kuimitsa mmodzi nkoletsedwa koma kuimitsa onse nkololedwa. Koma amene anakhalapo m'kalasi amadziwa kusiyana kwake. Cinthu cikasowa, ana onse akauzidwa kutsegula zikwama, amang'ung'udza koma palibe wanyozeka. Mphunzitsi akaloza mwana mmodzi wa malaya ong'ambika kuti ndiye atsegule, popanda umboni, wamuvula ulemu pamaso pa anzake. Kumene wapolisi amasankha yekha, amasankha ndi maso ake, ndipo maso a munthu amakondera. Amaona mtundu wa khungu, kukalamba kwa motoka ndi cuma ca munthu. Conco pa lodibuloko loyenera amaimitsa onse, kapena motoka yacitatu iliyonse, monga mwa dongosolo limene linalembedwa kale.

Mzati waciwiri ndi colinga cimodzi. Mzinda wa Indianapolis unaika malodibuloko ofufuza mankhwala osokoneza bongo, agalu akununkhiza motoka. Mu 2000, pa mlandu wa Edmond, Khoti Lalikulu linakana. Linati woledzera pa ciongolero ndi ngozi ya pompo-pompo pamseu womwewo, koma kuimitsa anthu onse pofuna kusaka milandu iliyonse imene ingapezeke ndi kubwezera makalata aja amene makolo ao anakana.

Mzati wacitatu ndi dongosolo loonekera. Mu 1987 Khoti Lalikulu la California, pa mlandu wa Ingersoll, linandandalika zofunika: malo ndi nthawi zisankhidwe ndi akuluakulu a apolisi, osati amene ali pamseu, pakhale nyali, zikwangwani ndi yunifomu kuti munthu adziwe kuti si acifwamba, kucedwetsa kukhale kocepa, ndipo anthu auzidwe pasadakhale kuti malodibuloko adzakhalapo.

Mzati wacinai ndi wakuti woyendetsa sasiya ufulu wake wonse pa cikwangwani ca apolisi. Ku America ayenera kuima ndi kuonetsa laisensi ndi mapepala a motoka. Koma sakakamizidwa kufotokoza kumene akucokera kapena kudzinenera yekha mlandu, ndipo akhoza kukana kuti afufuze m'motoka mwake ngati apolisi alibe cifukwa comveka. Kuti amupatutse ndi kumuyesa mozama, payenera kukhala cizindikiro, monga fungo la mowa, maso ofiira kapena lilime lolemera. Akamangidwa ndipo akakana kuuzira m'kamakina, amalandidwa laisensi kwa kanthawi, pakuti zigawo zonse zimawerengera kuti anavomera kale kuyesedwa pamene anayamba kuyendetsa. Ngakhale pamenepo pali malire. Mu 2016, pa mlandu wa Birchfield, khoti linasiyanitsa mpweya ndi magazi: mpweya angauyese popanda kalata ya woweruza, koma kutenga magazi kumafuna kalatayo, popeza nsingano imalowa m'thupi ndipo magazi amaulula zambiri za munthu kuposa mowa wokha.

Nanga kuno kwathu?

Malamulo a ku America si athu, ndipo wina asakaimirire pa lodibuloko la pa Great East Road ndi kuyamba kuchula mlandu wa Sitz. Ife tili ndi lamulo lathu la za pamseu la mu 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA ndipo limaletsa kuyendetsa motoka munthu ataledzera. Koma mafunso oyesera cilungamo ca lodibuloko ndi amodzimodzi kulikonse. Kodi onse akuimitsidwa mofanana, wa motoka yonyezimira ndi wa kamotoka kakale? Kodi colinga ndi kuteteza moyo? Kodi munthu akulankhulidwa mwaulemu ndi kumasulidwa msanga?

Pali cinthu cimodzi cimene cimagwetsa mizati yonse nthawi imodzi, ndico ciphuphu. Taona kuti mphamvu ya lodibuloko ili m'mantha amene woledzera amakhala nao asananyamuke. Akadziwa kuti kandalama kopinda mkati mwa laisensi kadzamutsegulira njira, mantha aja atha, ndipo cotsala ndi kusautsa osalakwa kokhakokha. Pamenepo ndiye kuti mwambi wa nkhuyu wakwaniritsidwa. Ciphuphu cili ndi manja awiri, lolandira ndi lopereka, ndipo nthawi zina dzanja loperekalo limakankhidwa ndi ife okwera. Basi ikaima, ndi kangati pamene mau amamveka kumbuyo akuti, "A dalaivala, kambani nao bwino, tacedwa"? Amene wanena mau amenewa sadziwa ngati dalaivalayo wamwa kapena ai, koma wagulitsa citetezo cake ndi ca ana amene wakhala nao pampando.

Yankho langa pa funso lathu ndi ili: inde, ncoyenera kuimitsa wosalakwa kwa kanthawi kuti woledzera aope, malinga ngati onse aimitsidwa mofanana, colinga ndi cimodzi, nthawi ndi yocepa, ndipo wapolisi ali pansi pa lamulo lomwelo. Zikasowa zimenezi, wodandaula ali ndi cifukwa, ndipo ndi bwino kudandaula kwa akuluakulu mwa njira yoyenera m'malo mogula njira ndi ndalama.

Amai anzanga, ambiri a ife sitiyendetsa motoka, koma tonse timakwera, ndipo tili ndi amuna, ana ndi alongo amene amayendetsa. Lodibuloko loyamba lili pakhomo pathu, pamene makiyi ali pa tebulo ndipo tikumva fungo la mowa. Laciwiri lili pa siteshoni, pamene tikhoza kukana kukwera. La apolisi ndi lacitatu. Tikafika pamenepo, tiime moleza mtima, tiyankhe mwaulemu, tidziwe zimene lamulo limatilola, ndipo tisapinde kanthu mkati mwa laisensi. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.